Kuthangata ndi Thangata: Kuzukuta Mawu m'Nkhani za ku Maesiteti a Tiyi ku Thyolo

Chiyambi

Pa mayeso a Chichewa a MSCE, makamaka mbali ya nkhani zamchezo ndi zolembedwa, kawirikawiri mumakumana ndi funso lokhudza mawu amene mlembi wasankha. Funsoli limabwera mosiyanasiyana. Mwina lidzati, "Kodi mawu awa akutanthauzanji m'ndimeyi?" Mwinanso lidzati, "N'chifukwa chiyani mlembi wagwiritsa ntchito mawu amenewa?" Ophunzira ambiri amataya malikisi pa funso lotere, osati chifukwa chakuti sadawerenge buku ayi, koma chifukwa chakuti amayankha ngati mtanthauziramawu. Amapereka tanthauzo limodzi lomwe adaloweza, n'kulekera pomwepo.

M'mutu uno tiona mawu awiri apachibale: kuthangata ndi thangata. Tsinde lawo ndi limodzi, ndipo pongowaona papepala amasiyana ndi mphatikiri ku- yekha. Koma loyamba limagwira ntchito ya mneni, lachiwiri ndi dzina, ndipo matanthauzo awo adatalikirana kwambiri kotero kuti m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anthu adakhetsa mwazi chifukwa cha kusiyana kumeneku. Mukamawerenga ndakatulo, sewero kapena nkhani yopeka yokamba za moyo wa pa esiteti, yambani mwadzifunsa kuti: apa mlembi waika mneni kapena dzina? Yankho la funso limeneli lidzakutsegulirani phunziro la nkhani yonse.

Mneni: kuthangata

Onani ziganizo izi:

(a) Mphwanga adandithangata kusenza nkhuni.
(b) Tithangateni anzathu, dengali latikanika.
(c) Agogo adathangatidwa ndi adzukulu awo.
(d) Anthu a m'mudzi muno amathangatana pa maliro.
(e) Pepani, lero sindikuthangatani, ndili ndi odwala.

M'ziganizo zonsezi tsinde -thangata likutanthauza kuthandiza. Masiku ano anthu ambiri amangoti kuthandiza, ndipo kuthangata limamveka kwambiri pakamwa pa akuluakulu ndi m'mabuku akale, koma tanthauzo lake silidasinthe. Pali mfundo zinayi zoti muzigwire.

Choyamba, uyu ndi mneni woyambukira. Amafuna mwininkhani ndi pamtherankhani. Simungathangate popanda wina womuthangata. Choncho mneniyu akangotchulidwa, anthu awiri aonekera: wothangata ndi wothangatidwa.

Chachiwiri, mneniyu amalola misintho. M'chiganizo (c) muli msintho wochitidwa, ndipo m'chiganizo (d) muli msintho wochitirana. Msintho wochitiranawu ndiwo mtima wa liwuli. Mphatikiri -an- akusonyeza kuti thandizo likuyenda mbali zonse ziwiri, monga amanenera akuluakulu kuti kupatsa n'kuika.

Chachitatu, mneniyu angathe kukhala wopempha, monga m'chiganizo (b). Wopempha amadziwa kuti mnzakeyo ali ndi ufulu.

Chachinayi, mneniyu angathe kukanidwa, monga m'chiganizo (e). Munthu wakana, wapereka chifukwa, ndipo palibe amene amugwetsere nyumba.

Kumbukiraninso kuti mawu oti kuthangata angathe kugwira ntchito ya dzina la gulu la Ku- ndi tsinde la mneni, monga m'chiganizo chakuti, "Kuthangata amasiye n'kwabwino." Ngakhale apo, tanthauzo likadali la thandizo, ndipo wothangatidwa akuonekabe.

Dzina: thangata

Tsopano onani ziganizo izi:

(a) Bambo adapita ku thangata m'bandakucha.
(b) Ankagwira thangata miyezi ya dzinja.
(c) Thangata wa pa esiteti ija adali wowawa.
(d) Ambiri adathawa thangata n'kukakhala m'malo a mafumu.

Apa thangata ndi dzina la ntchito imene munthu wokhala pa malo a mzungu ankagwira m'malo mwa lendi. Yerekezani ndi mneni uja ndipo muona zinthu izi.

Dzinali silichita kanthu palokha. Limadalira aneni ena: kugwira thangata, kupita ku thangata, kugwiritsa thangata, kuthawa thangata, kuthetsa thangata. Aneni amenewa ndi omwe timagwiritsa ntchito pokamba za ukaidi, msonkho kapena matenda. Palibe amene amathawa thandizo.

Dzinali silisonyeza wothangatidwa. M'chiganizo (a) tikudziwa amene wapita, koma amene akupindula sakutchulidwa. Wabisala m'kati mwa dzinalo.

Dzinali sililola msintho wochitirana. Mungathe kunena kuti "tinkathangatana," koma dzina loti thangata lilibe malo oikapo -an-. Kubwezerana kuja kwatsekeredwa kunja.

Pakamwa pa anthu ambiri dzinali limatenga agwirizanitsi a gulu la Mu-A, monga amachitira mayina oti fodya, katundu ndi tiyi. N'chifukwa chake m'chiganizo (c) tikuti "thangata wa" ndiponso "adali wowawa." Agwirizanitsi amenewa ndi omwewo amene timagwiritsa ntchito pa munthu. Motero mlembi savutika kumupatsa thangata umunthu: angathe kumuyendetsa, kumudyetsa, ngakhale kumugogodetsa pakhomo.

Chomaliza, onani kalembedwe kake. Mukachotsa ku- pa mneni, chotsala ndi kanenedwe kolamula: "Thangata mnzako!" Dzina lija limalembedwa chimodzimodzi ndi lamulo. Mlakatuli waluso angathe kuika liwuli palokha pamzere, n'kukusiyani kuti mulimve pawiri: ngati dzina la ntchito komanso ngati mfuwu wa kapitawo.

Kodi tanthauzo lidasintha bwanji?

Simungazukute bwino nkhani yotere osadziwa malo ndi nthawi yake. Azungu asadabwere, thangata idali ntchito yothandiza mfumu kapena mnansi m'munda, ndipo wothandizidwayo ankabweza ndi chakudya, mowa, chitetezo kapena manja ake tsiku lina. Amene mudaonapo dima mukudziwa mmene zimakhalira.

Dziko lino lidakhala pansi pa Britain m'chaka cha 1891. Kuyambira 1892, Harry Johnston adayamba kupereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zowatsimikizira umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire. Zambiri mwa zikalatazi zidali ndi mfundo yoti midzi imene idalipo kale isasokonezedwe. Koma mfundoyi siidateteze anthu obwera pambuyo pake, makamaka Alomwe amene ankaoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Iwowa ankapatsidwa pomanga nyumba ndi polima pa esiteti, ndipo malipiro ake adali ntchito. Poyamba udali mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Koma mwezi unkawerengedwa pa tikiti, ndipo tsiku limene munthu sadamalize ntchito yomwe adamuyezera silinkalembedwa. Motero mwezi unkatalika, ndipo pa maesiteti ena miyezi iwiri ija idasanduka yambiri. Ntchito yokakamizayi idapitiriza kutchedwa ndi dzina lakale lija la thandizo.

Thangata adali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za kuwukira kwa John Chilembwe pa 23 January 1915, pamene William Jervis Livingstone, woyang'anira maesiteti a A. L. Bruce ku Magomero, adaphedwa. Boma lidakhazikitsa malamulo atsopano mu 1917 ndi mu 1928. Lamulo la 1928 lidalola munthu kulipira lendi ndi ndalama, ndi ntchito kapena pogulitsa mbewu kwa mwini esiteti. Koma lidalolanso mwini esiteti kuchotsa banja limodzi mwa mabanja 10 alionse pakatha zaka 5 zilizonse. Mnyamata akakwanitsa zaka 16 adalibenso ufulu wokhala pamalopo, ndipo mwini esiteti ankatha kukaniza mkamwini kudzakhala kwa mkazi wake. Kwa Amang'anja ndi Alomwe, amene mwambo wawo ndi wachikamwini, lamulo lotere lidalowa mpaka m'kati mwa banja.

Ku Thyolo, komwe atsamunda ankalemba kuti Cholo, vutoli lidakula pamene tiyi adafalikira m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, idayamba mu 1923. Tiyi amaphuka kwambiri m'dzinja, nthawi yomweyo imene chimanga chimafuna kupalira ndi kubandira. Choncho manja amene ankafunika m'munda wa banja ndi omwewo amene ankafunika m'munda wa tiyi. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams adafufuza za malo ndipo adalangiza boma kuti ligule malo amene eni maesiteti sankawagwiritsa ntchito n'kukhazikapo anthu. Zinthu zidayenda pang'onopang'ono. Mu August 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba, ku Thyolo kudabuka zipolowe zimene zidafalikira m'maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 adafa. Mwa madandaulo a anthu mudali kukwera kwa lendi ndi kuthamangitsidwa pa malo a kampani ya British Central Africa. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962, zaka ziwiri dziko lisadalandire ufulu.

Liwuli litalowa m'Chingerezi

Chingerezi chili ndi mawu akeake okambira zinthu zimenezi. Lendi amati rent, ntchito yokakamiza amati forced labour, ndipo kuthandiza amati help. Komabe m'malipoti a boma la atsamunda ndi m'mabuku a mbiri olembedwa m'Chingerezi mumapezeka liwu lathu lomweli, thangata. Chofunika kuona n'chakuti Chingerezi chidabwereka dzina lokha. Mneni uja, pamodzi ndi misintho yake yonse, adatsala kuno. Wowerenga Chingerezi akakumana ndi liwuli samva kuti kumbuyo kwake kuli kuthangatana. Inu amene mukudziwa Chichewa mumamva matanthauzo onse awiri nthawi imodzi, ndipo mlembi wa Chichewa amadalira khutu lanulo.

Akatswiri ena adaliona vutoli. J. A. K. Kandawire adatulutsa buku mu 1979 limene mutu wake, Thangata: Forced Labour or Reciprocal Assistance?, ukufunsa ngati thangata ndi ntchito yokakamiza kapena kuthandizana. Melvin Page adalemba mu 1978 za nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna zikwizikwi a dziko lino adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga, ndipo adaitchula nkhondoyo kuti ya thangata. Izi zikusonyeza kuti pofika nthawi imeneyo dzinali lidali litatuluka kale pa esiteti n'kumatanthauza ntchito iliyonse yokakamiza yopanda phindu kwa woigwira. Landeg White, m'buku lake la 1987 lotchedwa Magomero, adalondola mbiri ya mudzi umodzi wa pa maesiteti a Bruce, ndipo thangata ali pakati pa nkhaniyo.

Kandime kochitira chitsanzo

Werengani kandime aka, komwe kalembedwera phunziro lino. Malo ake ndi mudzi wa pa esiteti ina ku Thyolo, m'zaka za m'ma 1940.

Mvula idagwa usiku wonse. M'mawa mwake mkazi adapeza mwamuna wake akukhomera khasu pakhonde.

"Abambo ake mwana, amayi akuti mukawathangate kupalira lero. Udzu wameza chimanga."

"Ndamva kale, amake mwana. Khasu ndi ili."

Asadanyamuke, kapitawo adatulukira kuseri kwa nkhokwe, buku la matikiti lili m'khwapa.

"Odi pano! Bwana akuti mukamuthangate sabata ino. Tiyi waphuka, akufuna manja."

"Pepani akapitawo, mwezi wanga ndidamaliza Loweruka."

"M'buku muno mwatsala masiku anayi. Masiku amene dengu silidakwane sitidawerengere."

Apongozi ake, amene adali pamphasa chapatali, adatsokomola.

"Akapitawo, mukandifunsireko kwa bwana wanuyo. Kwathu kuja tinkathangatana, lero kwa ine, mawa kwa mnzanga. Nanga iyeyu tikamuthangata, adzatithangata liti?"

Kapitawo adayang'ana pansi.

"Amayi, ine ndangotumidwa. Thangata ndi thangata."

Mwamuna uja adatsamiritsa khasu kukhoma, natenga dengu. Chaka chimenecho thangata adadya chimanga cha banjalo chisadabereke.

Kuzukuta kandimeka

Yambani ndi kuwerenga. Tsinde -thangata lapezeka kasanu ndi katatu: kasanu ngati mneni, katatu ngati dzina. Aneni onse ali koyambirira, mayina onse ali kumapeto. Kandimeka kakuyenda kuchoka pa mneni kupita pa dzina, monga momwe mbiri ya liwuli idayendera.

Mneni woyamba, "mukawathangate," akuchokera kwa mkazi. Ili ndi pempho lapachibale. Mkamwini ali ndi udindo kwa apongozi ake, ndipo iye sakuuona ngati goli. Umboni wake ndi wakuti khasu adalikonza kale asadauzidwe. Apa mneni ali ndi tanthauzo lake lenileni.

Mneni wachiwiri, "mukamuthangate," akuchokera kwa kapitawo. Onani kuti chiganizo chake chamangidwa chimodzimodzi ndi cha mkazi uja: "amayi akuti mukawathangate," "bwana akuti mukamuthangate." Chibwereza chimenechi chaikidwa dala kuti tiyerekeze mapempho awiriwa. Kunja akufanana, koma lachiwirili labwera ndi buku m'khwapa. Mwamuna atayesa kukana mwaulemu, kukana kwake sikudamveke. Taona kale kuti mneni weniweni amalola kukanidwa. Choncho kapitawo akugwiritsa ntchito mawu ofewa pobisa lamulo. Umenewu ndi msemphano: mawu akunena china, zochitika zikunena china.

Aneni atatu otsatira ali pakamwa pa apongozi, ndipo apa ndi pachimake pa kandimeka. Mayiwa sakutukwana, sakulira, sakutchula nkhanza. Akungoutenga mneni wa kapitawo uja n'kuuyendetsa m'misintho ndi nthawi zake. "Tinkathangatana" ndi nthawi yakale ndiponso msintho wochitirana. "Tikamuthangata" akuika ife ngati mwininkhani, bwana ngati pamtherankhani. "Adzatithangata" akutembenuza: bwana akhale mwininkhani, ife pamtherankhani, m'nthawi yam'tsogolo. Funso lawo ndi lakuti, ngati uku n'kuthangatadi, mbali inayo ili kuti? Ndi funso losafuna yankho, ndipo kuyang'ana pansi kwa kapitawo kukutsimikiza kuti yankho palibe. Mawu oti "kwathu kuja" akutiuzanso kuti banjali ndi lobwera, choncho lilibe chitetezo cha midzi yakale ija.

Atapanikizidwa, kapitawo akuusiya mneni n'kuthawira ku dzina: "Thangata ndi thangata." M'chiganizo chimenechi mulibe bwana, mulibe kapitawo, mulibe wolamula aliyense. Dzina likungodzitanthauzira lokha, ngati mvula kapena imfa, zinthu zimene munthu satsutsana nazo. Onaninso mneni wake wina, "ndangotumidwa," amene ali mu msintho wochitidwa ndipo wotumayo sakutchulidwa. Mlembi sakumujambula kapitawo ngati chilombo. Akumuonetsa ngati munthu wapakati amene akudziwa kuti mayiwa akunena zoona, koma mchere wake uli m'buku lomwelo. Pofotokoza khalidwe la mtengambali ameneyu, musangoti ndi wankhanza. Nenani kuti ndi wamantha kapena wogawanika mtima, ndipo perekani umboni wa maso ake ndi mawu ake.

Chiganizo chomaliza ndi cha mfotokozankhani. Dzina lija tsopano lakhala mwininkhani wa mneni "adadya." Uwu ndi umunthu, ndipo ukutheka mosavuta chifukwa cha agwirizanitsi a gulu la Mu-A aja. Kunena zoona chimene chidawononga chimanga ndi udzu, koma mfotokozankhani akuloza chimene chidachotsa mlimi m'munda. Khasu ndi dengu ndi zizindikiro: khasu likuimira kuthangata, dengu likuimira thangata. Mwamuna sakuyankhulanso. Kusinthana kwa zipangizo ziwirizi kwanena zonse.

Kodi kandimeka kali ndi zofooka? Inde, ndipo wozukuta wabwino amazitchula. Mkazi amene adayamba nkhani sakumvekanso, chonsecho amayi amasiye ndi osakwatiwa nawonso ankagwiritsidwa thangata pa maesiteti ena. Komanso "kwathu kuja" kwa apongozi kukuoneka kokoma kopanda banga, pamene tikudziwa kuti anthuwa adathawako mavuto. Mungathe kunena kuti mtengambaliyu akukumbukira zokoma zokha chifukwa cha kuwawa kwa lero. Yankho lotere limasonyeza kuti mukusiyanitsa maganizo a mtengambali ndi mbiri yeniyeni.

Misampha inayi yoti mupewe

1. Kupereka tanthauzo limodzi paliponse. Wophunzira amene adaloweza kuti "thangata ndi ntchito yokakamiza" adzalakwa pa mawu a mkazi uja. Amene adaloweza kuti "kuthangata ndi kuthandiza" adzalakwa pa mawu a kapitawo. Tanthauzo limadalira woyankhula, woyankhulidwa ndi zimene zingachitike woyankhulidwayo atakana.

2. Kusokoneza thangata ndi ukapolo kapena ganyu. Kapolo ankagulidwa ndi kugulitsidwa. Waganyu amagwirizana mtengo ndi mwini ntchito, akamaliza amalandira zake n'kumapita. Wathangata sankagulitsidwa, koma ankagwira ntchito kuti asachotsedwe pamalo pamene adamanga nyumba. Chingwe chake chidali malo. Mlakatuli angathe kutchula thangata kuti ukapolo, koma inu nenani kuti akuyerekeza.

3. Kuiwala nthawi ya nkhani. Ngati nkhani ikuchitika chisadafike chaka cha 1962, thangata ndi dzina lenileni la dongosolo limene lidalipo. Ngati ikuchitika pambuyo pake, ndipo wothyola tiyi wolembedwa ntchito akudandaula kuti malipiro ake ndi thangata, chimenecho ndi chiyerekezo. Akubwereka kuwawa kwa makolo ake kuti afotokoze kwake. Liwuli likadali ndi mphamvu ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene nkhani ya kuchepa kwa malo siidathe. M'zaka za m'ma 2010 gulu la People's Land Organisation, lotsogoleredwa ndi Vincent Wandale, lidafuna kuti eni maesiteti apereke chipukutamisozi kaamba ka malo ndi thangata wa nthawi ya atsamunda. Choncho mlembi amene waika liwuli m'nkhani ya masiku ano akudziwa kuti akukhudza chilonda.

4. Kulemba mbiri m'malo mozukuta. Mbiri imene mwawerenga pamwambapa ndi yokuthandizani kumvetsa, si yoti muikhuthulire yonse papepala. Wochonga akufuna kuona zimene mawu akuchita m'ndime imene mwapatsidwa. Chiganizo chimodzi cha mbiri n'chokwanira, zotsalazo zichokere m'ndimemo.

Mayankho awiri

Funso: Fotokozani kufunika kwa mawu oti "Thangata ndi thangata" m'kandimeka.

Yankho loyamba: Mawuwa akutanthauza kuti thangata idali ntchito yokakamiza imene anthu ankagwira m'maesiteti a azungu nthawi ya atsamunda. Anthu ankavutika kwambiri ndipo John Chilembwe adalimbana nayo.

Yankho lachiwiri: Mawuwa akusonyeza kuti kapitawo wasowa choyankha. Poyamba adagwiritsa ntchito mneni "mukamuthangate" kuti lamulo limveke ngati pempho. Apongozi atamufunsa kuti bwana adzabweza liti thandizolo, iye wausiya mneni n'kugwiritsa ntchito dzina, limene silitchula wolamula ndipo sililola kubwezerana. Potero wavomereza kuti ntchitoyi si thandizo. Mawuwa akutsindika phunziro la kandimeka, lakuti amphamvu amabisa nkhanza m'mawu okoma.

Zonse zimene zili m'yankho loyamba n'zoona, koma wophunzirayu akadatha kulemba zomwezo ngakhale asadawerenge kandimeka. Sadatchule woyankhula, sadatchule chimene chidachititsa kuti ayankhule, ndipo walowetsa Chilembwe amene m'kandimeka mulibe. Yankho lachiwiri lachita zinthu zinayi motsatana: latchula woyankhula, laloza mawu enieni, lafotokoza ntchito ya mawuwo m'chiganizo, ndipo lalumikiza zonsezo ku phunziro. Tsatirani ndondomeko imeneyi pa funso lililonse la kasankhidwe ka mawu.

Njira yomweyi idzakuthandizani pa mawu ena apachibale amene matanthauzo awo adapatukana, monga kusonkha ndi msonkho, kulamula ndi lamulo, kapena kutenga ndi mtengatenga. Anthu a m'mudzi amasonkha ufa pa maliro mwa kufuna kwawo, koma msonkho sufunsa ngati munthu akufuna. Mukapeza mawu otere m'buku limene mukuphunzira, lembani mzere kunsi kwake, ndipo muone amene akuwayankhula.

Mafunso

1. Lembani ziganizo ziwiri, china chokhala ndi mawu oti thangata ngati mneni wolamula, china ngati dzina.

2. Tchulani msintho wa mneni aliyense mwa awa: tinkathangatana, adathangatidwa, mukandifunsireko.

3. Perekani mfundo ziwiri zosonyeza kuti nkhani ya m'kandimeka ikuchitika m'dzinja, ndipo fotokozani kufunika kwa nyengoyi pa mkangano wa m'nkhaniyi.

4. N'chifukwa chiyani apongozi akhala "chapatali" ndipo akuyamba ndi kutsokomola? Yankho lanu likhudze mwambo wa chikamwini.

5. Fotokozani khalidwe limodzi la mwamuna wa m'kandimeka ndipo perekani umboni.

6. Tayerekezani kuti chiganizo chomaliza chikadati, "Chaka chimenecho udzu udawononga chimanga cha banjalo." Kodi kandimeka kakadataya chiyani?

7. Kambiranani m'magulu: kodi n'koyenera kuti mlakatuli wa lero atchule ntchito iliyonse yolemetsa kuti thangata, kapena kutero kukuchepetsa zimene makolo a ku Thyolo adakumana nazo? Gulu lililonse lipereke mfundo zitatu.